Mawu akuti "new wave"

Mawuwa amatanthauza funde latsopano. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ku Britain ndi ku America ankatchula choncho magulu oimba amene anakulira m'nyimbo zaukali za punk, kenako n'kuyamba kuimba nyimbo zofewa, zovinika.

Chitsanzo chabwino ndi "Heart of Glass" ya gulu la Blondie la ku New York. Woimba wa gululi, Debbie Harry, anaiimba ndi mawu opyapyala, kamakina ka ng'oma ka Roland CR-78 kakugunda chapansipansi m'kayimbidwe ka disco. Ena okonda punk anadandaula kuti gululi latengeka ndi ndalama, koma mu 1979 nyimboyi inafika pa nambala 1 m'mayiko onse awiri. Inathandiza kwambiri kuti new wave ituluke m'makalabu ang'onoang'ono n'kumveka pa wailesi paliponse.