Muyeso wa 80 peresenti ndi zomangamanga ku Rufunsa

Rufunsa idakhala boma palokha mu ulamuliro wa Michael Sata, itapatulidwa ku Chongwe. Dera la mafumu Mpanshya, Shikabeta ndi Bunda Bunda, lomwe apaulendo a pa Great East Road ankangolidutsa popita ku mlatho wa Luangwa, tsopano lidafunika maofesi akeake, polisi ndi nyumba za ogwira ntchito. Koma maboma atsopano adali ambiri, onse akukumba maziko nthawi imodzi pamene thumba lidali limodzi. Kwacha itagwa mu 2015, zipangizo zochokera kunja zidakwera mtengo kusiya zomwe zidalembedwa m'mapangano, malipiro a makontilakitala adayamba kuchedwa, ndipo mu 2018 akuluakulu a ku Lusaka adalamula kuti ndalama zipite kaye ku ntchito zomwe zafika pa 80 peresenti.

Lamuloli lidaika tsogolo la nyumba iliyonse pa nambala imodzi, ndipo apa ndi pomwe ine ndikuona vuto. Peresenti ya chiyani? Nyumba ikhoza kudya ndalama zake zambiri khoma lisanapitirire pa mawindo, chifukwa kontilakitala adalandira zoyambira, nagula simenti yomwe idaumira m'matumba podikira malipiro ena. Ndalama zomwe zatuluka, ntchito yomwe yaimadi pamalopo, ndi miyezi yomwe yatha n'zinthu zitatu zosiyana, ndipo zimafunika kuziika pamodzi mwezi ndi mwezi, munthu ataima pa malo omangawo ndi tepi m'manja. Ena adzati kuyeza sikubala ndalama, kuti chomwe chidaimitsa ntchito ndi ngongole za dziko zomwe zidafika polephera kubwezedwa mu 2020. N'zoona. Komabe kuchedwa nakonso kumadya ndalama: khoma losafolera limamwa mvula kuyambira Novembala mpaka Malichi, chiswe chimalowa m'matabwa, ndipo wobwera kudzamaliza amayamba ndi kugumula. Kukadadziwika msanga kuti ntchito yatsalira, ndalama zochepazo zikadagula malata kaye, penti n'kudikira.

Mu 2022 ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu (CDF) zidakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo makomiti a chitukuko a m'mawodi adayamba kumveka posankha makalasi ndi zipatala zing'onozing'ono zoti zimangidwe. Anthu a m'makomitiwa amadutsa pa malo omangawo tsiku lililonse. Chomwe akufunika kupatsidwa ndi pepala losonyeza mtengo wa gawo lililonse, kuyambira maziko mpaka denga, ndi tsiku lomwe gawolo liyenera kutha.