Napolo ndi Mapiri Athu

Makolo athu ankati napolo ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, chimene chikafuna kusamuka chimang'amba nthaka, ndi kukokolola miyala, mitengo ndi nyumba. Ankadziŵa bwino makwaŵa amene chinadutsamo, ndipo ankaletsa ana ao kumanga m'njira yake. Kuŵerenga phiri m'dziko muno kunayamba motero.

Mu Disembala 1946 mvula yosalekeza inagumula phiri la Zomba. Madzi a mtsinje wa Mulunguzi anagwetsa milatho ndi kupha anthu m'tauni imene inali likulu la Nyasaland. Mu Malichi 1991 phiri la Michesi linakhuthulira matope ndi miyala pa midzi ya ku Phalombe, ndipo anthu mazanamazana anafa. Chaka chomwecho Boma linakhazikitsa lamulo loyamba lokonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagumula phiri la Soche pamwamba pa Chilobwe mu Blantyre. M'chigawo cha kumwera anthu oposa 1,000 anataya miyoyo, ndipo Neno linali limodzi mwa maboma okhudzidwa.

Ngozi zitatu zonsezi zinafanana: malo otsetsereka kwambiri, mvula ya masiku angapo, ndi nthaka imene inamwa madzi mpaka kulemera kotero kuti inatsetsereka pa thanthwe la pansi pake. Nchifukwa chake akatswiri a za miyala, amene likulu lao lili ku Zomba, pofuna kudziŵa malo oopsa amayeza kutsetsereka kwa phiri, kuya kwa dothi, mtundu wa miyala ndi kuchuluka kwa mvula. Amafunafunanso zipsera za zigumukire zakale, pakuti pamene napolo anadutsa kale amakonda kudutsanso. Apa nzeru za sukulu zigwirizana ndi za makolo.

Mbiri imeneyi ikuŵakhudza anthu a ku Magaleta ndi madera ena a Neno, kumene minda yakwera m'mapiri a Kirk Range ndipo mitengo yambiri yapita ku makala. Phiri limachenjeza lisanagumuke: ming'alu m'munda kapena m'khoma la nyumba, mitengo yopendekeka, kasupe wotumphuka pamene panalibe, mtsinje wochita matope mwadzidzidzi. Woona zimenezi auze amfumu msanga, ndipo banja lichoke m'khwaŵa usiku usanagwe. Pofuna malo omangapo nyumba, ayambe wafunsa nkhalamba za m'mudzi kumene madzi ndi miyala zinadutsa kale.