Mtengo wa Luso: Kuchokera ku Khondowe Kufika pa Ngongole ya Boma

Mu Disembala 2009 zivomezi zinagwedeza boma la Karonga, ndipo nyumba zikwizikwi zinang'aluka, zina n'kugweratu. Ngoziyo inaphunzitsa anthu kuti nyumba siima ndi njerwa zokha. Imaimanso ndi nzeru za amene anailingalira papepala maziko asanakumbidwe. Choncho mwana wa kuno akasankhidwa kukaphunzira luso lojambula mapulani a nyumba, banja limakondwa. Koma usiku, alendo atabalalika, makolo amatsala ndi funso: ngongole imene mwanayu atenge idzabwezedwa ndi malipiro otani? Funsoli ndi lakale, pakuti luso silinaphunziridwepo kwaulere. Chimene chakhala chikusintha ndi kalipiridwe kake.

M'chaka cha 1894 Dr Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun pa phiri la Khondowe, kumwera kwa Karonga. Kumeneko anyamata ankaphunzira ukalipentala, umisiri womanga ndi kusindikiza mabuku. Wophunzira ankadzimanga pa pangano la zaka zingapo, akugwirira ntchito mishoni pa malipiro ochepa. Imeneyo inali ngongole yobwezedwa ndi thukuta. Atamaliza, ambiri anapeza kuti kwawo kulibe wogula luso lawo pa mtengo woyenera, motero anawolokera ku Tanganyika, ku Rhodesia ndi ku migodi ya Katanga. Phunziro loyamba la mbiriyi ndi limenelo: kumene luso laphunziridwa ndi kumene limalipidwa bwino kawirikawiri ndi malo awiri osiyana.

Mabanja ambiri a Chisilamu a m'mbali mwa nyanja sanatumize ana awo kusukulu za mishoni, poopa kuti akasiya chipembedzo cha makolo awo. Komatu luso silinasowe pakati pawo. Ku Nkhotakota, m'nthawi ya a Jumbe, amisiri ankakhoma zombo zamatanga zowoloka nyanja, ndipo m'zaka zotsatira utelala unakhala ntchito yodziwika ya Asilamu ambiri. Mnyamata ankakhala pambali pa fundi, akumutumikira kufikira dzanja lake litakhwima. Satifiketi panalibe, kalata ya ngongole panalibenso, koma zaka za unyamata wake zinali malipiro.

Dziko litalandira ufulu, Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965, ndipo kwa zaka makumi awiri boma linkasenza lokha mtolo wa ophunzira ochepa amene ankasankhidwa. Mu 1985 ophunzira anayamba kusonkhako, ndipo osowa ankapatsidwa ngongole. Ambiri anaitenga ngati mphatso, osabweza, kotero thumba linkauma pamene ofuna thandizo ankachuluka. Mu 2015 lamulo linakhazikitsa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lopereka ngongolezi ndi kulondola onse amene anakongola kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Lero wokongola amapatsidwa kanthawi kopumira akamaliza maphunziro, kenaka ngongole imakhwima, ndipo olemba ntchito amayenera kumudula pa malipiro. Walira mvula walira matope.

Tsono banja liyeze bwanji? Choyamba ndi nthawi. Maphunziro a mapulani a nyumba amaperekedwa ku Blantyre, pa sukulu ya MUBAS imene kale inali Polytechnic, ndipo digiri si mapeto a ulendo: womaliza amayamba wagwira ntchito pansi pa akatswiri ena asanalembetsedwe kuti aziima payekha. M'zaka zimenezo malipiro amakhala ochepa, lendi ya m'tauni ikudikira, abale akumudzi akuyembekezanso. Chachiwiri ndi msika. Nyumba zambiri za ku Kaporo, Chilumba kapena Nyungwe zimamangidwa ndi mmisiri wa m'mudzi, mwini wake atangoloza pansi ndi ndodo. Olipira mapulani ndi boma, mabungwe ndi amalonda akuluakulu, ndipo ambiri mwa iwo ali ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Chachitatu ndi zida. Wojambula wa lero amafuna kompyuta yamphamvu yochokera kunja, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu wotere inakwera koposa.

Izi sizikutanthauza kuti mwana abwezedwe pakhomo. Boma limene nthaka yake imagwedezeka, ndipo mitsinje ya Rukuru ndi Songwe imasefukira, likufunika ana ake odziwa kumanga molimba. Koma njira si imodzi. Koleji ya ntchito zamanja ya Ngara, imene inatsegulidwa mu 2015, ili pakhomo pompano; wina angayambire pamenepo, n'kumadzipezera ndalama, digiri n'kudzaitsata pambuyo.

Ayah yaitali koposa m'Qur'an yonse, ya 282 m'Surah Al-Baqarah, imanena za kulemba ngongole pamaso pa mboni. Choncho cholembera chisanakhudze fomu, kholo ndi mwana akhale pamkeka, alembe ndalama zonse zimene adzakongole chaka ndi chaka, afunse ngati pali chiwongoladzanja ndipo amve uphungu wa masheikh pa nkhaniyo, afunsenso amene ali kale pantchitoyi zimene ankalandira poyamba. Anyamata a ku Khondowe ndi ophunzira a mafundi ankadziwa mtengo wa luso lawo asanagwire chida. Mwana wa lero ayenera kuudziwanso asanakwere basi ya ku Blantyre.