Mbiri ya Opaleshoni ya Chifuwa Cholowa M'kati

Ana ena amakula fupa la pakati pa chifuwa litalowa m'kati, pachifuwa n'kukhala dzenje. Madokotala amalitcha vutoli pectus excavatum, ndipo limagwira kwambiri anyamata. Dokotala wina, Bauhinus, analemba za ilo mu 1594, koma panapita zaka zoposa 300 wina asanayerekeze kuikapo mpeni. Ludwig Meyer wa ku Germany anayesa mu 1911, Ferdinand Sauerbruch n'kutsatira.

Mu 1949 Mark Ravitch wa ku America anafalitsa njira yomwe inalamulira kwa zaka zambiri: kung'amba chifuwa, kuchotsa mafupa ofewa olumikiza nthiti ndi fupa la pakati, kenako kulikweza fupalo. Ambiri anachira. Koma ena ochitidwa ali aang'ono kwambiri, thupi linkakula chifuwa osakula nalo, mapapo n'kupanikizika. Dokotala Alex Haller anachenjeza za zimenezi mu 1996.

Kwa ine nkhaniyi inatembenukira pa Donald Nuss, dokotala wa ana amene anaphunzira ku University of Cape Town. Iye anaona chomwe mayi aliyense wosambitsa mwana amachidziwa: nthiti za mwana n'zofewa. Nanga zofewa n'kuzidulirenji? Si kungozipinda? Mu 1987, ku Norfolk m'chigawo cha Virginia, anadutsitsa chitsulo chopindika ngati uta kunsi kwa fupa la pakati. Atachitembenuza, dzenje linakwera pomwepo. Chitsulocho chimakhala m'thupi zaka ziwiri kapena zitatu, mafupa n'kukhwimira pamalo atsopano, ndiye amachichotsa. Chomwe ndimamulemekezera kwambiri n'kudekha: anadikira mpaka 1998 kuti afalitse zotsatira za zaka khumi. Njirayi ili ndi zovuta zake. Ululu wa masiku oyamba ndi woopsa, chitsulo nthawi zina chimasuntha, ndiponso chimadutsa pafupi ndi mtima, n'chifukwa chake lero amalowetsa kamera yaing'ono kuti aziona. Komabe ulemu waukulu ndimaupereka kwa Nuss. Ravitch anatsegula njira, Nuss ndiye analeketsa kudula mafupa a ana popanda chifukwa.

Kumidzi ngati ku Magodi zonsezi zikumveka zakutali. Opaleshoni yotere imafuna madokotala a chifuwa ndi makina ojambula m'kati mwa thupi, ndipo ulendo wake umayambira pa kiliniki, kupita ku chipatala cha Lundazi, Chipata Central, mwinanso mpaka chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka. Mwayi wake, ana ambiri safunikira mpeni. Dzenjelo si ufiti, kutemera mphini sikulikweza. Koma makolo, mwana akamabanika pothamanga, akamamva kuwawa pachifuwa, kapena dzenje likamakula msanga pamene akusinkhuka, mutengereni ku chipatala akamuyeze mtima ndi mapapo.