Sixteen Tons: nyimbo ya okumba malasha

Sixteen Tons ndi nyimbo ya chamba cha country yochokera ku United States. Anaipeka ndi Merle Travis, yemwe anabadwa mu 1917 m'boma la Muhlenberg, ku Kentucky, dera la migodi ya malasha. Bambo ake ankagwira ntchito mumgodi. Travis anaijambula mu 1946, ndipo inatuluka mu 1947 m'chimbale chotchedwa Folk Songs of the Hills.

Zimene nyimboyi ikunena

Dzina lake litanthauza matani 16, malasha amene munthu wa m'nyimboyi amapakira ndi fosholo pa tsiku. Tani ya ku America ndi makilogalamu 907, choncho katunduyu angafanane ndi matumba a chimanga pafupifupi 290 a makilogalamu 50. Woyimbayo akudandaula kuti thupi likutha, zaka zikupita, koma ngongole ikungokulirakulira. Ngakhale zili choncho, sakupempha chisoni kwa munthu. Akudzitama kuti ndi wamphamvu ndipo palibe amene angamuderere.

Ngongoleyo inkachokera kuti?

M'midzi yambiri ya migodi, nyumba ndi sitolo zinali za kampani. Antchito ambiri sankalipidwa ndalama zenizeni, koma timapepala kapena tizitsulo togulira zinthu m'sitolo ya kampaniyo basi, momwe mitengo nthawi zambiri inali yokwera. Lendi ndi zida zogwirira ntchito ankazidula pamalipiro. Malipiro akachepa, banja linkatenga chakudya pangongole. Munthu wangongole sankatha kusiya ntchito mosavuta, motero ankagwirabe mpaka mphamvu zitatha.

Kutchuka kwake

Nyimboyi inamveka kutali pomwe Tennessee Ernie Ford anaiyimbanso mu 1955, ndi mawu ake a besi, akuliza zala potsatira kugunda kwa nyimbo. Inakhala pa nambala 1 pamndandanda wa Billboard wa nyimbo za country komanso wa nyimbo zotchuka m'dziko lonselo, ndipo inagulidwa zimbale zoposa miliyoni imodzi m'masabata ochepa. Ku Brazil, Noriel Vilela anaiyimba m'Chipwitikizi pa dzina la 16 Toneladas, koma ndi mawu ena okamba za samba.

Chifukwa chake imatikhudza kuno

M'chigawo cha Tete malasha si nkhani yachilendo, pakuti amakumbidwa ku Moatize. Agogo ambiri a mbali ino ya malire ndi ya ku Malawi anakagwiranso ntchito m'migodi ya ku Joni. Mlimi wa fodya yemwe amatenga mbewu ndi feteleza pangongole amadziwanso kuti ndalama yeniyeni ndi imene yatsala ngongole itadulidwa pa tsiku logulitsa. Mgwirizano wa ulimi wa masiku ano ndi wosiyana ndi sitolo za migodi ija, komabe funso la nyimboyi ndi lofunika kulifunsa musanasaine: wogula zokolola akakhalanso wokongoza zipangizo, mitengo yonse iwiri akuika ndani, nanga mlimi atsala ndi zingati?