Samani imodzi, madandaulo angapo

Pamene Alexander Hetherwick ankatsegula mishoni ya Domasi mu 1884, m'dziko la mfumu Malemia, anthu a m'chigwachi anali kale ndi kazengedwe kawo ka milandu. Banja likatha, bwalo silinkangomva za ukwati wokha. Ankhoswe a mbali zonse ankakhala pomwepo, ndipo za ana, za nkhokwe, za mbuzi, za dimba la m'mphepete mwa mtsinje wa Domasi, ngakhalenso mawu achipongwe amene mkamwini anayankhulira apongozi ake, zonse zinkatuluka pa bwalo limodzi. Panalibe wouzidwa kuti za mbuzi abwere nazo mwezi wamawa.

Azungu amene anabweretsa makhoti a mapepala anali atangophunzira kumene zimenezi kwawo. Kwa zaka mazana ambiri ku England, dandaulo lililonse linali ndi chikalata chakechake choyambitsira mlandu, chotchedwa writ. Wofuna ngongole yake ankatenga china, wodandaula kuti amulowera m'munda ankatenga china, ndipo wolakwitsa posankha ankaluza ngakhale chilungamo chili kumbali yake. Makhoti nawo anali a mitundu iwiri: ofuna chipepeso cha ndalama ankapita kwina, ofuna chiletso ankapita ku khoti la Chancery. Mkangano umodzi unkabala milandu iwiri kapena itatu, uliwonse ndi ndalama zake za maloya.

Kusintha kunadza pang'onopang'ono. Mu 1843, pa mlandu wa Henderson ndi Henderson, woweruza James Wigram anagamula kuti wosuma abweretse nkhani yake yonse nthawi imodzi, asasungeko zina kuti adzavutitsenso nazo mnzake mtsogolo. Lamulo la 1852 linalola kuika madandaulo angapo mu samani imodzi. Kenako malamulo a 1873 ndi 1875 anaphatikiza makhoti awiri aja, n'kulamula woweruza kuti athetse zonse zili pakati pa okanganawo pofuna kupewa kuchulukitsa milandu.

Umu ndi momwe lamuloli linalili pofika kuno. Mu 1902 boma la Britain linakhazikitsa Khoti Lalikulu la British Central Africa, ndipo malamulo a ku England monga analili pa 11 Ogasiti chaka chimenecho anayamba kugwira ntchito m'dziko lino. Likulu la boma linali ku Zomba, pafupi ndithu ndi Domasi, koma mlimi wa kwa Malemia sankafika m'khoti limeneli kawirikawiri. Milandu yake inkathera kwa amfumu, amene mabwalo awo anavomerezedwa ndi boma mu 1933. Mu 1962 kunabwera makhoti a m'madera, ndipo mu 1969 boma la Kamuzu Banda linawasandutsa makhoti a miyambo, omwe ena anapatsidwa mphamvu zoweruza ngakhale milandu yonyongetsa, loya osaloledwa kulowamo. Mbiri yoipa imeneyi ndi imene inawathetsa nthawi ya matipate, ndipo kuyambira 1994 milandu ya mabanja ndi ngongole ya anthu akumudzi inagwera m'manja mwa amajisitireti.

Ku Khoti Lalikulu, maloya ankayenda ndi buku lochindikala lomwe amalitcha White Book, momwe munali malamulo a kazengedwe ka milandu a ku England a 1965. Gawo 15 la malamulowo linkalola munthu kusumira mnzake pa zifukwa zingapo nthawi imodzi, koma linkapatsanso woweruza mphamvu yozilekanitsa akaona kuti kuziunjika kusokoneza kapena kuchedwetsa mlandu. Mphamvu yachiwiriyi ndi yofunika ngati yoyamba ija. Eni akewo ku England anasiya malamulo amenewa mu Epulo 1999, woweruza Lord Woolf atawunikira kuti milandu ikudya nthawi ndi ndalama mopyola muyeso, koma Malawi anapitiriza kutsegula buku la 1999 lomwelo kwa zaka zina zambiri.

Pomwe pamavuta kwenikweni si pa samani yoyambitsira mlandu, koma pa mapempho a m'kati mwa mlandu. Tiyerekeze kuti munthu waluza, masiku ochitira apilo adutsa, ndipo asherifu ali pafupi kudzalanda katundu. Akufunika zinthu zitatu: kumuwonjezera nthawi, kumulola kuchita apilo, ndi kuimitsa kaye chigamulo. Kodi alembe pempho limodzi kapena atatu? Atatu ndiye kulipira katatu ku ofesi ya khoti, kulumbira katatu, kudikira masiku atatu osiyana. Limodzi ndi lotchipa, komatu mapemphowa amayezedwa ndi miyeso yosiyana. Wopempha nthawi ayenera kufotokoza chimene anachedwera, pamene wopempha kuimitsa chigamulo ayenera kuonetsa kuti apilo yake idzakhala yopanda phindu katundu akapita. Komanso lachitatu limadalira loyamba, pakuti wopanda nthawi alibe apilo yoti aimitsire chigamulo. Anzathu a ku Tanzania alimbana nalo funsoli kwa nthawi yaitali. Pa mlandu wa kampani ya MIC Tanzania ndi nduna ya zantchito, khoti la apilo la kumeneko linati kuphatikiza mapempho si kulakwa pokhapokha ngati pali lamulo loletsa, komabe mapempho ambiri akhala akutayidwa chifukwa chosakaniza zinthu zoyendera malamulo osiyana kapena zofunika oweruza osiyana.

Malawi anapeza malamulo akeake pa 3 Okutobala 2017, Andrew Nyirenda ali mkulu wa oweruza. Malamulo atsopanowa amayamba ndi cholinga chachikulu: mlandu uweruzidwe mwachilungamo, mosawononga ndalama, ndipo khama lake lilingane ndi kukula kwa nkhaniyo. Woweruza sakhalanso wongodikira zomwe maloya abweretse. Amayendetsa yekha mlandu, ndipo amayembekezeka kuthana ndi zambiri momwe angathere pa kukumana kumodzi. Kulakwitsa kalembedwe ka pempho sikupha mlandu pakokha, khoti lingathe kulamula kuti likonzedwe. Apa olemba malamulowa anachita bwino, chifukwa wolangika pempho likatayidwa sakhala loya amene analilemba molakwika, koma mwini mlandu amene anagulitsa mpunga wake kuti amulipire.

Dziko lonse linaona ubwino wophatikiza milandu mu 2019. Saulos Chilima ndi Lazarus Chakwera anakasuma payekhapayekha kutsutsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha pa 21 Meyi, ndipo Khoti Lalikulu ku Lilongwe linaphatikiza madandaulo awiriwo kukhala mlandu umodzi. Oweruza asanu, kuphatikizapo Redson Kapindu amene ankagwira ntchito ku khoti la Zomba, anamva umboni wonse kamodzi, n'kufafaniza chisankhocho pa 3 Febuluwale 2020. Milanduyo ikanayenda padera, makhoti awiri akanatha kupereka zigamulo zotsutsana pa mapepala omwewo a zotsatira za chisankho opakidwa Tipp-Ex.

Koma mayi wa ku Domasi amene banja lake latha lero sanafikebe pomwe agogo ake anali. Malamulo a 2017 ndi a Khoti Lalikulu, ndipo iye amayambira kwa majisitireti. Kumeneko ukwati wa mwambo ungathetsedwe, za ana ndi katundu wa m'nyumba n'kukambidwa, koma gawo 39 la lamulo la makhoti limaletsa majisitireti kugamula za umwini wa malo. Nkhani ya dimba ayenera kupita nayo kwina: ku bwalo la malo lotsogozedwa ndi mfumu yaikulu ya dera, monga likunenera lamulo la malo a makolo la 2016, kapena kukwera minibasi kupita ku Khoti Lalikulu ku Zomba. Nyumba ya malamulo inavomereza mu 2011 lamulo lobwezeretsa makhoti a m'madera oweruza milandu ya miyambo pafupi ndi midzi, koma makhotiwo sanatsegulidwe.