Mabuku obadwa ku kanema: kuchokera kwa James Blish mpaka kwa Disney

Mu 1967, munthu wa ku America amene waphonya gawo la Star Trek pa wailesi ya kanema ya NBC ankangoluma chala. Makina ojambulira vidiyo anali asanafike m'makomo, kotero sewero likadutsa ladutsa, mpaka eni wailesi atafuna okha kulibwereza. Kampani yosindikiza mabuku ya Bantam inaona malonda pamenepo, ndipo inatenga James Blish kuti azisandutsa magawo a seweroli kukhala nkhani zowerenga. Blish sanali mlembi wamba, pakuti anali atalandira kale mphotho ya Hugo mu 1959 chifukwa cha buku lake la A Case of Conscience. Koma iyi inali ganyu: munda ndi wa eni, wolima amangolandira zake n'kumapita. Mpaka lero mabuku otere amalembedwa motero, ndipo ubwino ndi kuipa kwawo kumachokera pomwepo.

Ku Britain, Target Books inayamba mu 1973 kutulutsa mabuku a sewero la BBC la Doctor Who, ndipo Terrance Dicks yekha analemba oposa 60. Kumeneko vuto linali lalikulu koposa, chifukwa BBC inkafufuta matepi akale kuti ijambulirepo zina, moti magawo oposa 90 akusowabe. Ana ambiri nkhani zakalezo anazidziwira m'timabuku ta Target.

Star Wars inabwera ndi zake. Buku la filimu yoyamba linatuluka kumapeto kwa 1976, miyezi ingapo filimuyo isanaonetsedwe, pachikuto pali dzina la George Lucas chikhalirecho analemba ndi Alan Dean Foster. Foster yemweyo analembanso Splinter of the Mind's Eye, la mu 1978, limene linakonzedwa kuti likhale filimu yachiwiri yotsika mtengo ngati yoyambayo ikanapanda kuyenda malonda. N'chifukwa chake nkhaniyo imachitikira pa dziko la nkhungu ndi madambo, ndipo Han Solo, mmodzi mwa ampangankhani aakulu a filimuyo, mulibemo. Mulinso kachikondi kobisika pakati pa Luke ndi Leia, kamene kanasanduka kochititsa manyazi mu 1983 filimu itaulula kuti awiriwa ndi apachibale.

Nyengo yokoma ya mabuku a Star Trek inayamba Pocket Books itatenga chilolezo mu 1979. Eni sewero maso awo anali pa mafilimu, ndipo alembi anapeza mpata wopuma. Vonda McIntyre, mu The Entropy Effect la mu 1981, anapatsa Sulu, mmodzi mwa ampangankhani a seweroli, dzina loyamba la Hikaru, limene filimu ya mu 1991 inadzalitola. John M. Ford anapita patali kuposa onse. Mu The Final Reflection (1984) anakankhira Kirk, mpangankhani wamkulu, ndi anzake m'mphepete, n'kufotokoza nkhani yonse kuchokera kwa a Klingon, amene pa kanema anali adani chabe. Anawapatsa chilankhulo, masewera awo ndi maganizo awo pa za imfa ndi ulemu, ndipo wowerenga amafika pomvetsa chifukwa chimene mtundu wotere ungaonere Federation, boma la Kirk ndi anzake, ngati chilombo. Patatha zaka zitatu Ford yemweyo analemba How Much for Just the Planet?, nthabwala yokhala ndi nyimbo, imene imathera pogendana ndi makeke. Sewero latsopano la Star Trek litayamba pa kanema mu 1987, malamulo anakhwimitsidwa, ndipo mabuku ambiri otsatira anali aulemu, osalakwa kanthu, komanso oiwalika msanga.

Chaka cha 1991 chinatsimikiza kuti mabukuwa amakula bwino kanema akakhala chete. Star Wars inali itatha zaka 8 yopanda filimu yaikulu pamene Timothy Zahn anatulutsa Heir to the Empire, limene linakwera mpaka pa nambala 1 pa mndandanda wa New York Times. Zahn analenga Thrawn, mkulu wa nkhondo amene amaphunzira zojambula za adani ake kuti adziwe pomwe angawagonjetsere, komanso Zahn yemweyo ndiye anatcha likulu la ufumu kuti Coruscant, dzina limene Lucas anadzaligwiritsa ntchito m'mafilimu ake. Chaka chomwecho Virgin inayamba New Adventures, mabuku opitiriza Doctor Who imene BBC inaimitsa mu 1989. Human Nature la Paul Cornell (1995) linadzakhala sewero la pa kanema mu 2007, ndipo Russell T Davies, amene anadzutsa Doctor Who mu 2005, anali atalembako limodzi la mabukuwa mu 1996.

Tisanamizane, zinyalala nazo zinachuluka. M'zaka za m'ma 1990 mabuku a Star Wars ankangobwera ndi chida china chowononga maiko, chachikulu kuposa cham'mbuyo. Ngakhale dzina la mlembi silinali chitsimikizo: The Crystal Star la McIntyre yemwe uja limatchulidwa kawirikawiri pakati pa oipitsitsa. Gwero la vutoli ndi loti ampangankhani aakulu saloledwa kusintha, ndipo nkhani imene munthu amatulukamo monga analoweramo siigwira mtima. R. A. Salvatore ataloledwa kupha Chewbacca mu Vector Prime mu 1999, ena mwa owerenga anamuwopseza kuti amupha.

Imfa ya Chewbacca sinakhalitse. Disney inagula Lucasfilm, kampani ya Lucas, mu 2012 pa mtengo wa madola pafupifupi 4 biliyoni, ndipo mu April 2014 mabuku onse akale a Star Wars anaikidwa pambali, n'kupatsidwa dzina loti Legends. Chewbacca anaonekanso wamoyo mu filimu ya mu 2015. Thrawn anapulumuka chifukwa anali wabwino kwambiri kuti angotayidwa: anabwerera mu sewero la Rebels mu 2016, kenako mu la Ahsoka mu 2023. Koma Foster, amene anayambitsa mabuku a Star Wars, mu 2020 anachita kudandaula poyera mothandizidwa ndi bungwe la alembi la SFWA kuti ndalama za mabuku ake zinasiya kubwera, ndipo nkhaniyo inatha chaka chotsatira.

Ambiri anakwiya mu 2014 ngati kuti zimene anawerenga zasanduka bodza, pamene zinali zopeka kuyambira kale. Chidindo cha kampani sichinawonjezerepo kukoma kwa buku lililonse, ndipo kuchichotsa sikunachepetse. Wofuna poyambira atenge The Final Reflection, Heir to the Empire kapena Human Nature. Mabuku ongodzaza mpata wa pakati pa mafilimu awiri, amene mathero ake anagamulidwa kale ku ofesi, sayenera ndalama zanu.